Filimu ya Malume Omar Sithera Pamaliro

Malume anga a Omar ndi msodzi wa pa Chilwa, koma anthu sawadziwa ndi matemba, amawadziwa ndi pakamwa. Nsomba zikayamba kugwidwa amakakhala miyezi pachimbowera, kanyumba kamabango koyandama pamadzi, kopanda magetsi. Akangoponda kumtunda, asanasambe n'komwe, amatulukira pashopu yanga pomwe ndimabena nyimbo ndi mafilimu.

"Zakia, zatuluka zotani ine kulibe? Thira zonse mumemoremu. Koma zakarate zokhazokha ayi, ndikufuna za nkhani."

Kuonera filimu ndi malume n'chintchito, ndikukuuzani. Amakalipira foni. "Iwe, usalowe m'nyumbamo! Ona wopusayu, walowa!" Womasulira filimu m'Chichewa akaphonya, amamudzudzula ngati akumva. Ikafika pachisoni amalira poyera, bambo wandevu zawo, kenako n'kunamizira utsi wa nsomba.

Koma saonera okha. Akazi awo, anti Katija, maso onse awiri anachita ng'ala. Kale ankapitira limodzi kuvidiyo, ndipo amati chibwenzi chawo chinayambira pabenchi yakumbuyo. Ndiye malume akatsiriza filimu ankakhala pakhonde, anti akusenda nandolo, n'kuifotokoza yonse, mawu a aliyense, ngakhale kulira kwa galimoto. Oyandikana nawo ankabwera ndi mikeka.

Ineyo, poti mafilimuwo ndimawadziwa, ndinawagwira. Mufilimu ina munali mayi wodwala amene anamwalira kumapeto, koma pakhonde paja mayiyo anachira n'kutsegula golosale. Dalaivala woikidwa m'ndende popanda mlandu, amene mufilimu anafera konko, kwa malume anatuluka mpaka kukwatira.

"Malume, bodza limenelo! Munthu wosaphonya kumzikiti ngati inu?"

"Anapanga filimuyo sanaganize bwino," anatero osachita n'komwe manyazi. "Mayi uja anavutika zokwana. Komanso anti ako mdima ali nawo kale, ndiziwawonjezeranso maliro?"



Chaka chatha kunabwera madokotala a maso pachipatala cha pa Boma, ochotsa ng'ala. Sankakhalitsa, ndipo kuti adzabweranso liti panalibe wodziwa. Anti anakana kwamtuwagalu. "Mpeni m'diso? Ine toto, ndinazolowera." Mwana wawo Ummi anawanyengerera mpaka misozi. Ine ndinachita kuwakalipira, zinandipsetsa mtima kwabasi. Malume okha sanawakakamize.

Anangobwera kudzatenga filimu yatsopano, ya mayi amene mwana wake anabedwa pamsika. Madzulo ake anaifotokoza mokoma kuposa kale lonse. Mayiyo anayenda mizinda, anagulitsa zonse, anagona panja, mpaka anafika pageti la nyumba imene anamva kuti mwana ali. Anakweza dzanja kuti agogode. Malume anatola chipewa n'kudzuka.

"Ndiye?" anafunsa anti.

"Ndiye basi."

"Bambo a Ummi, musandiseweretse. Mwanayo anamupeza?"

"Pamenepo sipafotokozeka, make Ummi. Mukaone nokha ndi maso anu."

Abale inu, m'nyumba muja munabuka nkhondo. Anti anawamana malume tiyi. Anandiitana ine n'kundinong'oneza kuti andipatsa mpunga wa m'munda mwawo ndikangowauza. Ndinati memore ija yawonongeka ndisanaone mapeto, bodza langa nanenso. Malume anasiyiratu kufotokoza filimu iliyonse, pakhonde panangoti zii, ndipo ndinkawaona akuvutika, poti kwa iwo kukhala chete n'matenda. Anzawo anabwerera kunyanja, iwo anatsala. Madokotala atatsala pang'ono kupakira, anti anaponya pansi lichero.

"Konzani njinga yanuyo, munthu woipa mtima inu."

Malume anawapalasa okha mpaka pa Boma. Madokotala atachotsa ng'ala, kenako bandeji, anti anawayang'anitsa amuna awo n'kunena kuti, "Imvi zonsezi munazitenga kuti?" Malume ananamiziranso utsi, m'chipatala mopanda ndi moto womwe.

Kufika kunyumba, chinthu choyamba anti anafuna foni. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa mapeto ake ndinkawadziwa. Geti lija likatseguka, a m'nyumbamo amakamuonetsa mayiyo manda a mwana wake. Anti anaonera mpaka zilembo zakumapeto. Kenako anati ndiwathirire akale onse amene anangowamva ndi makutu. Anaonera masiku angapo, ngakhale adokotala anati asatopetse maso.

Lachisanu malume atabwera kuchokera kumzikiti, anti anawaitana ine ndili pompo.

"Bambo a Ummi, mayi wagolosale uja anamwalira. Dalaivala uja anafera m'ndende. Zaka zonsezi?"

Malume anangoyang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Anti anandiponyera foni pamiyendo. "Tenga chinthu chakochi, Zakia, chilibe chifundo." Anakokera lichero la nandolo pafupi, natsinzina maso awo atsopanowo.

"Mayi uja wakweza dzanja pageti. Pitirizani."

Malume anakhosomola, nakhala bwino pampando.

"Anagogoda, make Ummi. Ndipo amene anabwera akuthamanga kudzatsegula anali mwana yemwe uja, atanenepa bwinobwino."