Khungu la Saulo

Chaka changa choyamba ku London, Loweruka lililonse masana ndinkakwera basi ku Woolwich kupita ku Thamesmead, kunyumba kwa mkulu wa mpingo wathu. Anali bambo okalamba, maso atachita ng'ala, moti sankathanso kuwerenga ngakhale zilembo zikuluzikulu. Iwo ankanena phunziro la mawa lake, ine ndinkalemba. Anandisankha chifukwa cha dzanja langa. Kusukulu ya kumudzi kwathu aphunzitsi ankatikwapula ndi rula tikapotoza chilembo, choncho zolemba zanga zinkaima chilili ngati mizere ya chimanga.

Lamulungu, muholo yomwe tinkapemphereramo, pepala lija linkachoka m'manja mwanga kupita kwa mtsikana wina. Iyeyu anabadwira ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Malawi kukagwira ntchito m'mafamu. Anali namwino, wamtali, mawu ake omveka mpaka pakhomo. Chichewa ankachiphunzira kumene, ndipo anapempha yekha kuti aziwerenga pagulu kuti lilime lizolowere.

Tsiku lina bambo aja anauza mpingo kuti, "Paulo sankalemba yekha. Kalata yopita ku Roma anamulembera Tertio, ndipo akuti amene anainyamula anali Febe. Ine ndili nawo onse awiri."

Dzina la Febe linagwira tsiku lomwelo. La Tertio palibe analisunga. Amayi ena ankangonditchula kuti "wa cholembera uja".

Nditafika kuchipinda kwanga ndinatsegula chaputala chomaliza cha kalatayo. Febe ali pamwamba penipeni, mavesi awiri athunthu, akumuyamikira ndi kupempha anthu kuti amulandire bwino. Tertio ali kumunsi, vesi limodzi, ndipo ngakhale limenelo anadzilembera yekha. Ndinawerenga kangapo ngati pasintha kanthu.

Tikatuluka m'mapemphero, amayi ankamuzungulira. "Febe wathu, lero watidyetsa!" Iye ankayankha kuti "Tatenda," monga amathokozera kwawo, ndipo amayi ankafa nalo phwete. "Matenda ayi, mwanawe, nena zikomo!" Akalakwitsa ankamukonda, akakhoza ankamukondabe. Ine ndinkapinda mipando. Ziganizo zomwe ankazitamandazo ndinali nditazikonza ndine, popeza bambo aja ankayamba nkhani, kuisiya, n'kuyamba ina. Ndipo Loweruka ndisanavule n'komwe jekete, funso lawo loyamba linali lakuti, "Febe wathu wamuona?"

Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi afunse za ine.

Loweruka lina phunziro linali la Saulo panjira ya ku Damasiko. Bambo anati, "Lemba kuti patapita masiku atatu Ambuye anamutsegula maso." Cholembera chinaima. Papepala, khungu ndi mawu amodzi. Pakamwa ndi awiri: ukakweza poyambira ndi khungu la pathupi, ukatsitsa ndi khungu la maso. Mwana wa kumudzi sasokoneza. Koma ndinali nditamumva mtsikana uja akunena za khungu la odwala ake, ndipo ndinadziwa kuti amadziwa limodzi lokha. Ndinalemba kuti, "Patapita masiku atatu Ambuye anamuchotsa Saulo khungu lonse."

Mawa lake tisanayambe anabwera, akumwetulira. "Sisi, pali mawu ovuta lero?"

"Palibe," ndinatero, maso ali pansi.

Anawerenga bwino kwambiri mpaka pamenepo. Atafika, anakweza mawu aja molimba mtima. Pomwepo bambo wina kumbuyo anati, "Amusenda ngati mbuzi!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ana, amene sanamve kanthu, ankafunsa m'Chingerezi kuti chachitika n'chiyani. Mtsikana uja anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. Anamaliza kuwerenga motsitsa, ndipo sanadikire tiyi.

Ndisaname, mumtima munakoma. Munakoma mpaka Lachitatu.

Loweruka bambo sanafunse za Febe. Anati, "Wabwera nalo pepala lija? Werenga pa masiku atatu paja."

Ndinawerenga, motsitsa monga mwake.

"Ukulitchula bwino. Ine ndinanena choncho?"

"Ayi, bambo."

"Ndinanena kuti chiyani?"

"Kuti anamutsegula maso."

Anatembenuzira nkhope kuwindo kumene sankaonako kanthu. "Iwe, ine ndi wakhungu. Pepala ukalemba sindingalione. Ukalembapo kuti ndine mfiti, ndidzamvera pamodzi ndi mpingo." Ndinaganiza kuti andilanda ntchito, ndipo misozi inagwera pabuku. Iwo anangoti, "Tenga cholembera."

Tinalemba phunziro lonse. Pomaliza anati, "Tertio analoledwa mzere umodzi wakewake. Nawe ndikukupatsa. Lemba dzina lako, unene zimene unachita. Ndipo pepala la mawa uwerenga ndiwe, chifukwa mnzako wandiimbira foni kuti sawerenganso."

Umu ndi mmene dzina langa linalowera m'kalata. Lamulungu ndinaima kutsogolo, pamalo pomwe ndinkapasirira miyezi yonseyo. Ndisanamalize chiganizo choyamba amayi ena anakuwa, "Kwezani mawu, sitikumva!" Ndinakweza, koma sanapitirire mzere wachitatu wa mipando. Mzere wanga womaliza wokha ndi umene unamveka holo yonse, chifukwa anthu anali atangoti zii.

Mtsikana uja anali atakhala kumbuyo. Anaimirira, kuyenda mpaka kutsogolo, n'kundikumbatira anthu onse akuona. "Sisi, ndiye undiphunzitse awiriwo," anatero, "ndisadzasendenso mtumwi." Holo inaseka, amayi ena analulutira.

Sabata yotsatira anayambanso kuwerenga. Bambo sanandichotse, koma kuyambira pamenepo ndikamaliza kulemba ankati ndiwawerengere zonse, mawu ndi mawu, kawiri. Loweruka madzulo mtsikana uja ankandiimbira kuti tidutse pamodzi mawu ovuta, ndipo ndinkamuuza onse osabisa.

Pa tiyi wa tsiku lomwe anandikumbatira lija ndinamva amayi awiri akukambirana kumbuyo kwanga. "Mwaona mtima wa Febe? Kukhululuka msanga chonchija!" Ndinadikira kuti anene kanthu za amene anaulula. Anapempha shuga, ine ndinawapatsira.