Ndinalirira amuna anga pa kaseti

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, chaka cha referendamu, pamene adokotala ku Dedza anandiuza kuti impso za amuna anga, a Mbewe, zifuna mankhwala ogula mwezi ndi mwezi. Masana omwewo ndinapempha aphunzitsi andilembere kalata kwa mng'ono wanga ku Canada kuti ntchito imene anandipezera kumeneko ndavomera.

Ntchito yake inali yosamala gogo Mabel ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana. Mwana wawo Denise anali woimba. Pa wailesi ankaimba zovinitsa achinyamata, koma nthawi imeneyo ankakonza kaseti ya nyimbo zakale za anthu akuda, zotchedwa blues, zimene mayi ake ankaimba ali mtsikana. Ankayeserera pabalaza kuti gogo azimva. Mawu ake sindinkawamva, koma kadandaulidwe kake ndinkakadziwa.

Ndalama ndinkatumiza, mankhwala ankagulidwa. Komabe patatha chaka ndi theka foni inabwera yoti amuna anga amwalira. Mapepala anga okhalira ku Canada sanandilole kupita n'kubwereranso, choncho a Mbewe anaikidwa ine kulibe. Mlongo wawo, a Nambewe, anandilembera kuti mkazi amene sanagwetse msozi pa manda a mwamuna wake asadzapondenso pakhomo pawo.

Ku Canada kulira kulibe malo. Nditangoyamba tsiku loyamba, a nyumba yoyandikana anagogoda khoma. Ndinatseka pakamwa miyezi isanu ndi umodzi.

Tsiku lina ndikusambitsa gogo, ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya pa maliro ya kwathu osadziwa. Denise anaima pakhomo mpaka nditamaliza. Anati nyimbo yake yotsiriza ndi ya mkazi amene mwamuna wake anafera kutali, ndipo waiimba kambirimbiri koma ikumveka yabodza. Ine ndinakana, ndinati sindine woimba, sukulu ndinalekeza sitandade 3. Gogo Mabel anaseka, amvekere iwonso sanaphunzirepo kulira kusukulu.

Denise ananditengera ku North York, m'kachipinda kojambuliramo nyimbo ka makoma ofewa ngati matiresi.

"Muno palibe adzagogode," anatero Denise. "Lirani mpaka mukwane."

Iye anayamba nyimbo yake, ine ndinalowa ndi yanga. Ndinaitana a Mbewe ndi dzina lawo, ndinawafunsa kuti ana andisiyira yani. Wojambula mawu anavula chipewa. Kaseti itatuluka, dzina langa linalembedwa kumbuyo, ndipo Denise anandiimiritsa pamaso pa anthu odzaza holo.

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zinayi, nthawi yomanga chiliza cha a Mbewe. A Nambewe sanandipatse moni. Abusa atamaliza pemphero, ndinaika wailesi ya kaseti pamanda n'kutsegula. Anthu anang'ung'udza atamva gitala ndi Chingerezi. Kenako anamva mawu anga. Nyimbo ija ankaidziwa, ndipo amayi anayamba kuvomera mmodzimmodzi.

A Nambewe anakhala pansi. Itatha anati ndibwereze. Atamvanso, anatuma munthu akatenge lumo.

"Alamu, khalani apa," anatero. "Ife tinameta kalekale. Munatsala ndinu."

Anandimeta okha. Ndinkaganiza kuti kwathu anandida chifukwa chochoka, pamene iwo ankangodikira kumva kulira kwanga.

Pano ndimatsogolera nyimbo pa maliro m'mudzi mwathu. Ngati wofedwa ali kunja, ndimajambula mwambo wonse pa kaseti n'kumutumizira.