Nyumba Yomvera Foni ya ku Joni

Nditachoka kwathu ku Katete ndinakhala zaka zingapo ku Kanyama, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya madala ena amene kale ankayendetsa mabasi. Ntchito yanga inali yosoka. Makina ndinkawaika pakhonde moyang'ana bwalo, choncho chilichonse cholowa ndi kutuluka pageti ndinkachiona, kufuna kapena kusafuna.

Mkazi wawo woyamba anali atamwalira kale. Ana anali awiri, wamkazi wokwatiwa ku Kabwe ndi wamwamuna amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Joni. M'nyumbamo madala ankakhala ndi amayi ena a ku Petauke, amene anadziwana nawo kutchalitchi. Ukwati sanamange, ndipo anawo sankawawerengera, ankangoti "mayi uja". Koma sitiroko itawagwira madala, mwendo ndi mkono wakumanzere n'kulemera, lilime n'kumakoka, ndi amayiwo amene ankawatembenuza pabedi, kuwasambitsa, kuwaphunzitsanso kugwira supuni. Madala atayamba kuyenda ndi ndodo, amayi ankawaperekeza mpaka pakona pamene pankagulitsidwa makala, n'kubwerera nawo pang'onopang'ono, akuwakalipira kuti asakoke phazi.

Mwana wa ku Joni anabwera pa Khirisimasi ndi makatoni odzaza galimoto. Iye ndi amisiri ake anaboola makoma, kukwera padenga kuika sola, ndi kundandalika mabatire pansi m'chipinda chochezera. Pageti anaika loko yotsegula ndi chala, kamera, ndi kasipika. Pachitseko cha nyumba loko inanso yotero. M'nyumba makamera, mababu atsopano, ndi tizipangizo tating'ono tomata pamakoma. Abambo ake anawaveka wotchi yakuda pamkono.

Popeza nanenso ndinkalowera geti lomwelo, anandiitana kuti ndidinde chala changa, ndipo anandifotokozera mwaulemu ndithu. Anandionetsa kabokosi koyera ka tinyanga pamwamba pa kabati, nati zonse zimalankhulana kudzera mwa iko. Geti likatseguka, kamera imadzuka n'kutumiza chithunzi pafoni yake ku Joni. Dzuwa likalowa mababu amayaka okha. Sitovu ikayaka koma kukhitchini kulibe munthu, imazima yokha. Wotchi imamvetsera mtima wa madala, ndipo akagwa imauza foni. Madala anaseka, nati ndiye kuti kabokosiko ndi kondakitala, basi yonse imamvera iko. Amayi a ku Petauke nawonso anadinda chala chawo, akuchipukuta kaye pachitenge chifukwa ankachapa.

Poyamba zinali zokoma. Malaiti akazima m'komboni monse, nyumba yathu inkangowala, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Ine ndinkasoka osadukiza. Tinkati mwanayo ndi wokumbukira kwawo.

Kenako kasipika kanayamba kulankhula. Tsiku lina amayi akusenda anyezi kukhitchini, ndinamva mawu a mwanayo akuchokera m'nyumba, akufunsa kuti mafuta ophikira atha bwanji msanga chonchi. Tsiku lina anafunsa kuti m'thumba limene mlongo wawo wa amayi watuluka nalo muli chiyani. Munali nsalu zimene ndinamusokera ine. Anzawo a madala, amene ankabwera kudzasewera nsolo pansi pa mpapaya, anayamba kuima nthawi yaitali pageti kudikira kuti wa ku Joni aone chithunzi chawo ndi kuvomereza. Nthawi zina ankakhala pa msonkhano wa kuntchito. Anthu akuluakulu sakonda kuima pamsewu ngati opempha, ndipo mmodzimmodzi analeka kubwera.

Madala anapunthwa kamodzi pakona paja n'kusupuka bondo. Wotchi inanena ku Joni amayi asanawadzutse n'komwe. Sabata yomweyo mwanayo anasintha zinthu. Anagwirizanitsa wotchi ndi loko ya chitseko, kuti madala akangofika pafupi ndi chitseko, chizidzikhoma. Ndinkamva ndili pamakina: ndodo gogodo, gogodo, kubwera m'njira ya kuchitseko, kenako khetye. Akabwerera kumpando, chitseko chinkamasuka. Akadzukanso, khetye. Tsiku loyamba anayesa mpaka kutopa, ngati mwina chiiwala.

Anaganiza zovula wotchiyo n'kuisiya patebulo. Koma wotchi ikasiya kumva mtima inkaliza sailini ya padenga, ija yokuwa ngati ambulansi, ndipo sinkaleka mpaka aivalenso. Anthu oyandikana nafe anathamangira kudzaona, n'kupeza madala ali chiimire pabwalo, amayi akulimbana ndi lamba wa wotchi kuti awamangenso. Mawu anatuluka pakasipika ka pageti, anthu onse akumva.

"Adadi, bwererani mu nyumba. Nikuonani."

Madala anayang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti ayankhe kuyang'ana kuti. Anabwerera.

Amayi anayesa kulankhula ndi mwanayo pafoni. Anamuuza kuti munthu wa sitiroko akaleka kuyenda miyendo imafa, ndi kuti a kukiliniki ananena choncho. Iye anayankha kuti iwo si dokotala, si mkazi wa m'nyumbamo, ndipo akudziwa chimene akudikirira. Ankanena za nyumba.

M'mawa wina amayi anapita kukiliniki kukatenga mankhwala a madala a kuthamanga kwa magazi. Pobwerera anaika chala paloko ya geti, kalaiti kanayaka kofiira. Anapukuta chala n'kuyesanso. Kofiira. Anayesa chala china, akuseka pang'ono, poganiza kuti ndi thukuta. Ndinanyamuka kuti ndiwatsegulire, koma ndisanafike kasipika kanalankhula ndi ine, kuti ndikatsegula nanenso ndigona kunja. Kenako kanalankhula ndi iwo.

"Imwe mayi, vinthu vanu vizabwera kumene muzankhala. Mankhwala ikani pansi pa geti."

Amayi anagwada, n'kukankhira kapepala ka mankhwala pansi pa geti, n'kundiuza kudzera pampata kuti kapiritsi koyera amwe m'mawa atadya, kachikasu madzulo. Madala anali pawindo, atagwira zitsulo ndi dzanja lawo labwino, akuitana mawu osamveka bwino. Chitseko chinali chokhoma chifukwa anali pafupi nacho.

Anawo analemba mtsikana wantchito wobwera m'mawa n'kuchoka masana. Chala chake chinkatsegula chitseko nthawi yokhayo. Sanali woipa, koma sankamva zimene madala akunena, ndipo ankawaopa. Madzulo onse madala ankakhala okha ndi wailesi yakanema, imene nayonso inkazima yokha nthawi imene mwana wawo anaikonzera kuti agone. Ine ndinkacheza nawo pawindo.

Amayi anapeza pogona kwa mnzawo wa kutchalitchi, mizere itatu ya nyumba kuchoka kwathu. Masiku oyamba ankabwera kudzapereka moni ataima kunja kwa mpanda. Mwanayo anaphunzitsa kamera nkhope yawo, kuti ikangowaona sailini ilire. Ndiye anayamba kudutsa atafunda chitenge kumutu mpaka kumaso ngati munthu wa pamaliro, n'kutsokomola kawiri pafupi ndi windo. Madala ankagogoda ndodo pansi kuyankha. Phala la mtedza limene ankalikonda linkafika kwa ine m'kachitini, kudzera pabowo la mpanda kuseri kwa chimbudzi kumene kamera sinkaona, ine n'kuwapatsira pakati pa zitsulo za windo.

Amene anakhalapo ku Kanyama amadziwa madzi ake. Pansi ndi mwala, mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Chaka chimenecho inagwa usiku wonse, ndipo kutacha inapitiriza. Mtsikana wantchito sanabwere chifukwa msewu unali utasanduka mtsinje. Ndinakweza makina anga pabedi, madzi akuda onunkha zimbudzi ali m'akakolo. Cha m'mawa momwemo madzi analowa m'nyumba yaikulu n'kumiza mabatire aja. Ndinamva kuphulika pang'ono, fungo la waya wopsa, ndipo zonse zinazima. Loko ya chitseko inangokhala momwe inalili, yokhoma. Ya pageti chimodzimodzi. Makiyi achitsulo otsegulira zikafa chonchi anali ku Kabwe.

Ndinasuzumira pawindo. Madala anali atakwera theka patebulo, mwendo wofooka uli lende m'madzi, milomo itachita mbuu. Ndinaimbira wa ku Joni, foni sinadutse. Ndinakwera pamgolo n'kukuwa pamwamba pa mpanda.

Woyamba kufika anali amayi a ku Petauke, madzi ali m'mawondo, opanda chitenge kumaso. Anabwera ndi amuna atatu, mmodzi wowotcherera zitsulo, atanyamula nyundo ndi mgwala. Anathyola geti, n'kuthyolanso chitseko. Amayi anawabereka madala kumsana, munthu wamkulu wolemera, mpaka kutchalitchi kumene kunali pokwera. Amunawo anatulutsa wailesi yakanema, matiresi ndi sutikesi ya zovala n'kukaziika kunyumba ya wowotcherera uja kuti zisanyowe. Masana onse amayi anakhala akuwatikita mapazi ndi mafuta ofunditsa.

Chimene sitinadziwe n'chakuti kamera ya pageti inali ndi batire lakelake ndi simu khadi yakeyake. Inajambula zonse zimene inaona: amayi akuloza geti, nyundo ikumenya, amuna akutuluka ndi katundu pamutu. Za m'nyumba sinaone. Netiweki itabwerera, inatumiza ku Joni. Mwanayo anadula kanemayo kuchotsa pamene amayi ankatuluka atabereka madala, n'kutumiza zotsalazo pagulu la foni la achibale, ndi la tchalitchi lomwe, ndi mawu akuti onani mayi uja wabweretsa mbava nthawi ya chigumula.

Mwana wamkazi anafika kuchokera ku Kabwe mawa lake ndi mwamuna wake. Anapeza madala ali pabenchi ya tchalitchi, atafunda bulangete la amayi. Analivula n'kuliponya pansi. Madala anayamba kufotokoza, koma mawu awo ankatuluka limodzilimodzi, ndipo panalibe wodikira kuti amalize. Ine ndinanena zonse zimene ndinaona. Wowotcherera anabweza katundu yense, wouma. Mwana wamkaziyo anandiyang'ana n'kunena kuti wa lendi asalowerere za pabanja, ndipo mwezi ukatha ndipeze kwina. Powakweza m'galimoto kuti apite nawo ku Kabwe, madala anagwira chitseko ndi dzanja lawo labwino osafuna kusiya, mpaka mkamwini wawo anawamasula chala chimodzichimodzi. Amayi anaima patali, pafupi ndi mpopi. Palibe anawalola kuyandikira.

Kanemayo anayenda kuposa ife. Amene anali pomwepo ankadziwa zoona, koma Kanyama ndi wamkulu, ndipo ambiri anangoona pafoni. Akulu a mpingo anawapempha amayi kuti ayambe aleka kuvala yunifolomu ya amayi a chigwirizano mpaka nkhani itazizira. Sinazizire. Mnzawo amene ankawasunga anayamba kukhoma chipinda chake akamapita kumsika. Ana a m'njira ankawakuwiza potengera kulira kwa sailini. Pomaliza anasamuka osatsazika.

Ine ndinapeza chipinda ku Chawama. Madala anamwalira ku Kabwe nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Ndinamva kwa mmodzi wa anzawo a nsolo aja, amene naye anamva maliro atapita kale.

Patapita miyezi ndinapita ku Kamwala kukagula ulusi ndi mazipi, ndipo ndinawapeza amayi atakhala m'mbali mwa msewu akugulitsa mtedza wokazinga. Anali ataonda. Tinapatsana moni, ndipo m'kucheza ndinazindikira kuti sakudziwa. Anandifunsa ngati ndamvako za ku Kabwe, ngati mwendo uja wayambanso kugwira. Ndinawauza.

Anayamba kusalaza mtedza m'lichero ndi chikhatho. Munthu wina anaima kuti agule, anamupimira bwinobwino, n'kumuthokoza. Atachoka anandifunsa kuti kodi ankawameta ndani kumeneko.

"Ndevu zikakula zinali kubayabwa," anatero. "Sibanali kukamba. Unafunika kuona wekha."

Ndinati sindikudziwa. Anagwedeza mutu, n'kundithirira mtedza m'kapepala kuti ndidye m'basi. Ndinabwererako kangapo pamalo pomwepo, koma sindinawapezenso, ndipo amayi ogulitsa pafupi anati mwina anapita kwawo ku Petauke.