Masamu Anawapeza pa Chingwe cha Amisiri

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, mtsikana wina anaima pabolodi la sukulu mpaka anzake onse anabalalika. Kanali kachitatu kulephera masamu. Anzake ankamutcha Nadzira, chifukwa papepala lake aphunzitsi ankangojambulapo dzira lalikulu lofiira.

Amalume ake, amene ankamulera chimwalirireni makolo ake, sanachulutse gaga m'diwa. "Mwanawe, sukulu yakukana. Kafune ganyu."

Ganyu anaipeza pamalo omanga nyumba: kutunga madzi okandira simenti. Ndowa pamutu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khosi lili gwa.

Pamalopo panali mmisiri wachikulire amene onse ankamutcha a Levulo, poti levulo yawo, chida choonera ngati khoma lawongoka, sinkachoka m'manja ngakhale pakudya. Ndiwo ankakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe anthu asanayambe kukumba maziko. Nadzira akamadutsa ndi ndowa, ankachepetsa liwiro n'kumasuzumira.

"Iwe wamadzi, maso ako andiboola msana," anatero a Levulo tsiku lina. "Tula ndowayo. Khoma chikhomo apa, china apo. Tsopano undiuze, mizere yowongoka ingati ingadutse pa zikhomo ziwirizi?"

Nadzira anakoka chingwe, nayesa uku ndi uku. "Umodzi wokha, bambo."

"Basi! Nanga zingwe ziwiri zowongoka zikapingasana, zimakumana pangati?"

"Pamodzi."

"Pamenepo ndiye pangodya ya nyumba. Koma ziwiri izi zoyenda mofanana, china pambali pa chinzake, sizidzakumana mpaka kalekale, ngati ine ndi mlamu wanga."

Nadzira anaseka, kenako anayang'anitsitsa zingwezo. Izi ndi zomwe aphunzitsi ankalemba pabolodi: kadontho, mzere, pokumana mizere. Kungoti pano ankazigwira ndi manja.

Zaka ziwiri zathunthu, anzake akamapuma masana, iye ankakhala kuseri kwa mulu wa njerwa ndi timitengo ndi ulusi. A Levulo sankanyengerera. Akapeza ngodya yakhota, ankazula zikhomo zonse ndi phazi. "Yambiranso." Tsiku lina anamuzulitsa kasanu ndi kawiri, mpaka misozi inalengeza. Anamuphunzitsanso kuyeza kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anizana nayo, mopingasa. Ngati mbali zoyang'anizana zili zofanana ndipo miyezo iwiri yopingasayo yafanana, nyumba yakhala bwino. Ikasiyana, nyumba yapotoka.

Kenako kampani imene ankagwirako inapeza ntchito yomanga chipatala chaching'ono. Sabata yomweyo a Levulo anadwala, ndipo kapitawo, pothamangira nthawi, anakoka zingwe yekha. Ngalande zinakumbidwa. Lole ya konkire inkayembekezeka masana.

Nadzira podutsa ndi ndowa anaona kuti china chake sichili bwino. Anabwereka tepi yoyezera, nayeza mopingasa kawiri. Miyezo inasiyana ndi masentimita makumi atatu. Kulankhula kukanamuchotsetsa ntchito, koma kukhala chete kunali kulola chipatala kukhala pa maziko okhota.

"Akapitawo, pepani, nyumbayi yapotoka."

Kapitawo anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Wamadzi aziona zamadzi. Kapena ndowa yakukwana?"

Amisiri anafa nacho chikhakhali. Koma Nadzira sanasunthe. Anaima pangodyapo, tepi ili m'manja, mpaka injiniya wa kampaniyo, mayi wosakonda zocheza, anafika n'kufunsa chimene chaimitsa ntchito. Atamva, anatenga tepi nayeza yekha. Anayezanso. Kenako anaimbira foni dalaivala wa lole kuti asanyamuke.

"Ndani anakuphunzitsa zimenezi?"

"A Levulo, mayi."

"Ungakonze?"

Nadzira anazula zikhomo ziwiri, nakoka zingwe mwatsopano, nakhoma pomwe zinapingasana. Injiniya atayeza, miyezo inafanana ndendende. Kapitawo anangokanda m'mutu n'kuuza anthu atenge mapiki.

"Sukulu unalekeza pati?" anafunsa injiniya.

"Masamu anandikanika, mayi. Katatu."

"Ndiye zomwe wachita apazi ukuziyesa chiyani? Kalembenso."

Analembetsadi kachinayi, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, atakhala pakati pa ana amene ankamutcha anti. Funso lililonse la mizere ankaliona ngati zikhomo ndi zingwe. Zina zonse anazilimbana nazo pang'onopang'ono, monga amamangira khoma, njerwa pa njerwa. Anakhoza. Kuchoka apo anapita kusukulu ya zomangamanga, ndipo anamaliza ali m'gulu la opambana.

Lero ndi iye amene amayeza malo kampani isanakumbe paliponse. Masukulu, zipatala ndi milatho ingapo zakhala pa ngodya zimene iye anakhoma. Loweruka lililonse amasonkhanitsa atsikana amene masamu akuwavuta, n'kuwatulutsa m'kalasi kupita nawo pabwalo. Ambiri mwa iwo akhoza, ndipo awiri akugwira naye ntchito.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali phunziro limene linakugwetsani mpaka munadziona ngati mbuli. Kulephera m'kalasi sikutanthauza kuti mutu mulibe. Mwina simunapeze chabe khomo lolowera. Lifunefuneni, funsani odziwa, ndipo mukagwa dzukani muyesenso. Musadziweruze msanga, abale anga, ndipo mtima musautaye.