Mota Inali Pakhonde, Ine Osadziwa Kuyendetsa

Mwana wathu woyamba anafera pangolo, panjira yopita ku chipatala, pomwe mota, njinga yamoto yabwinobwino yodzaza gazolina, inali pakhonde panga. Sindinkadziwa kuyendetsa. Miyezi yomwe ndikanaphunzira ndinaithera pa shadrezi, masewera aja a chesi.

Masewerawa ndinawadziwira ku shikola kwathu ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano. Nditakwatira ku Chidzolomondo n'kukhala pachikamwini, ndinapita nawo. Ndikachoka kumunda ndinkakwera pachulu pomwe telefoni imagwira, n'kumasewera ndi anthu osawadziwa mpaka batire kutha. Lamlungu ndinkasewera pathabwa ndi a profesolo ophunzitsa pa shikola ya m'mudzimo. Ndinkalota mpikisano wa ku Tete, ndipo wina anandiuza kuti wofuna kukafika kumeneko sadumphitsa tsiku.

Mkazi wanga atakhala ndi pakati, mchimwene wake anapeza ntchito kutauni. Anaganiza zondisiyira mota yake, chifukwa kuchoka kwathu kukafika ku chipatala ndi mtunda wautali. Asanapite ankabwera madzulo aliwonse kuti andiphunzitse pabwalo la mpira. Ine yankho linali limodzi: mawa. Mpaka anandipatsa dzina.

"A Mawa, kavalo wanu wamtengoyo adzanyamula mlongo wanga?"

"Alamu, mutu womwe umadya rainya, mfumukazi ya pathabwa, ungalephere kachitsulo aka?" ndinatero, tonse n'kuseka.

Ndinakwerapo kamodzi, iye ali kumbuyo. Kenako anandipatsa kiyi n'kukwera shapa, minibasi yopita kutauni.

Matenda anamuyamba mkazi wanga masana, mwezi wake usanakwane. Linali tsiku la msika, ndipo anyamata onse a mota anali atapita ndi matumba a chimanga. Ndinaimba kwa awiri, onse anali kutali.

Apongozi anga aakazi, chikwatirireni, ankandilankhula atayang'ana kumbali kapena kudzera mwa munthu wina, monga mwa ulemu wathu. Tsikulo anaima pamaso panga.

"Apongozi, lizani motayo."

Ndinailiza. Nditasiya chogwirira cha kumanzere inadumpha n'kuzima. Ndinayesanso, inathamanga n'kukandigwetsera pankhokwe. Mkazi wanga anali pamphasa pakhomo, akuona zonse.

Tinabwereka ngolo. Ng'ombe zinali kudambo, mpaka tizikazitenga. Msewu unali wokumbika ndi mvula. Tisanafike pakati pa ulendo, amayi omwe tinali nawo ananditsitsa n'kutchinga ngoloyo ndi zitenje. Ndinaima kumbuyo kwa mtengo kudikira kulira kwa khanda. Sikunamveke. Anali mwana wamkazi.

Munthu wina wodutsa pa mota ndiye anathamangira ku chipatala ku Furancungo ndi mkazi wanga, magazi akutayika. Anapulumuka. Ndinafunsa anamwino ngati mwanayo akanakhala moyo tikanafika msanga. Anati sangadziwe. Anthu amandiuza kuti mawuwo azinditonthoza. Sanditonthoza, chifukwa ngakhale mwayi wochepawo ndinamumana ndine.

Inu owerenga, sindikunena kuti shadrezi ndi yoipa. Imanola mutu, ndipo ana aziphunzitsidwa. Cholakwa changa chinali kuipatsa madzulo onse, osasiyako ngakhale theka. Kuphunzira shadrezi sikutha, ukhoza kukalamba ukuphunzirabe. Kuyendetsa mota kunkangofuna masabata ochepa. Ndinaika chosatha patsogolo pa chimene chikanatha msanga. Khalani pansi mudzifunse luso lomwe pakhomo panu padzafunike tsiku loipa, kaya kuyendetsa, kaya kumanga bala. Yambani ndi limenelo, mulimalize. Masewera atenge nthawi yotsala.

Pano ndimayendetsa. Mnyamata wa pamsika anandiphunzitsa, ndipo sizinatenge nthawi. Kuphweka kwake ndi kumene kumandiwawa.

Mkazi wanga chitulukireni m'chipatala akukhala kwa amayi ake. Moni amayankha, koma m'nyumba mwathu sanalowemo. Amalume ake aitanitsa ankhoswe anga kuchokera ku Tsangano. Akumana Loweruka, ndipo kumeneko ndikamva ngati ndikhalebe pamudzi pano kapena ndinyamule zanga.