Galu Woopa Nkhafi

Kuseri kwa chitseko changa kuli kachidutswa ka nkhafi, kotalika ngati mkono wa mwana. Mdzukulu wanga wina anafuna kukasonkhezera pamoto, ndinamukalipira mpaka anathawira kwa amake. Ukakayang'ana bwino pali timabowo tinayi. Amenewo ndi mano a Matope.

Chinali chaka chimene masau anabereka mpaka nthambi kugwada, ine ndili giredi folo pa Feira. Ana a lero amati Luangwa, koma ife dzina lakale silitichoka pakamwa. Tsiku lina ndikutsuka mbale padooko ndinaona bwato la anthu achilendo likudutsa pakati pa madzi, galu akusambira pambuyo pake. Akati agwire m'mphepete mwa bwato, munthu wakumbuyo ankamumenya ndi nkhafi pamutu. Ndinawerenga kanayi. Kenako galuyo analeka, madzi n'kumukankhira pamchenga pamene ndinali. Chimene analakwa sindichidziwa mpaka lero, ndipo munthu akandiuza kuti mwina anaba nsomba, ndimangomuyang'ana.

Ndinamuika m'beseni pamwamba pa mbale n'kumukokera kunyumba, thupi lonse matope, diso limodzi litatupa. Amayi anangoti, "Wabweretsa mlandu wa miyendo inayi," koma anatenthetsa madzi amchere n'kumutsuka okha. Dzina loti Matope linachokera pamenepo.

Anachira, koma diso lotupa lija linafa. Ana ankamukoka makutu, nkhuku zinkadya naye mbale imodzi. Koma akangoona munthu atanyamula nkhafi, ubweya unkaima, diso lotsalalo n'kufiira, osamvanso dzina lake. Ndipo pa Feira mwamuna aliyense ali ndi nkhafi. Amalume, mlongo wao wa amayi, amene tinkakhala nao pakhomo chimwalirire atate, anabwera tsiku lina kuchokera kumadzi nkhafi ili paphewa. Matope anailumphira n'kuiluma. Amalume pofuna kumumenya anaphonya, nkhafi inathyokera pamtengo, galu n'kuwang'amba katumba.

"Ndikupita kutsidya ku Zumbo ndi nsomba zouma," anatero akumanga chilonda. "Masau akamatha ndibwera. Ndikam'peza uyu pano, ndim'mangirira mwala, ng'ona zione chochita naye."

Amalume sankalankhula kawiri. Ine ndinalira, amayi sanalire. Anatola kachidutswa kaja n'kukakulunga m'chitenje. "Misozi siipeza khomo," anatero. "Mawa tiyamba kuyenda."

Ofuna galuyo sanasowe, pakuti mbiri inamveka kuti anagwetsa mwamuna wamkulu. Amayi anali ndi njira yao. Munthu akati mubwere Lachisanu, ife tinkafika Lachitatu. Pofika sankayamba nkhani ya galu. Ankapempha madzi, n'kukhala pansi akupuma, poti masiku amenewo ankatsokomola ndipo kuyenda kunkawatopetsa msanga. Akumwa madziwo maso ali ponseponse. Ankaona miyendo ya mbuzi ngati chingwe chinaidya. Ankaona ngati ana amakhala chete bambo akalowa. Pambuyo pake ankatulutsa kachidutswa kaja n'kunena zoona zonse, osabisa kanthu.

Mwini sitolo wa pamsika anasangalala atamva. Anationetsa tcheni ndi mgolo umene galuyo azigonamo, nati azimupatsa chakudya chochepa ndi tsabola kuti ukali usathe. Mnyamata wake wantchito anali ndi chipsera cha lamba pakhosi. Amayi anathokoza madzi. Tili panjira anati, "Ameneyu sakufuna galu, akufuna mano."

Aphunzitsi anga ndiwo ndinkawafuna ine. Anachokera ku Lusaka, ankanunkhira sopo, ndipo anamupatsa Matope mkate wopaka majarini. Mtima wao unali wabwino, sindiwanamizira. Koma atamva za nkhafi anaseka, nati mantha amatha ukamawaonetsa munthu tsiku ndi tsiku. Anatenga kachidutswa kaja n'kukakweza m'mwamba kuti aone. Matope anadzuka, chingwe chinandicheka m'manja, ndipo aphunzitsi anakwera pa tebulo. Atatsika anasekabe. Amayi anawafunsa kuti akadzasamutsidwa galuyo adzapita naye kodi. Iwo anati zimenezo adzaona nthawi yake. Ndinakwiya ndi amayi njira yonse. Lero ndikudziwa kuti "tidzaona" ndi mau amene asiyitsa ana ambiri pakhonde la eni.

Tinayenda makomo asanu ndi limodzi. Mlenje wina ankafuna womutsogoza pa nguluwe. Mayi wina wa kutchalitchi anali wofatsa, koma ana ake aamuna atatu onse anali asodzi, nkhafi zitatsamira pakhoma ngati mpanda. Masau anayamba kuuma pansi pa mitengo, fungo lake lowawasa lili m'mphuno, akazi akuyanika otsiriza pamphasa. M'mawa uliwonse ndinkakwera pachulu kuyang'ana mabwato ochokera ku Zumbo. Ndinati tingom'siya kwa aphunzitsi, bola akhale moyo. Amayi anati, "Kutaya ndi kutaya, ngakhale utayire pa kapeti."

Khomo lachisanu ndi chiwiri silinatiitane. Linali kumtunda, njira ya ku Kavalamanja, kutali ndi dooko, kwa mayi wina wamasiye wopanda mwana amene ankalima mapira ndi maungu, anyani akumuvutitsa. Anthu ankati ndi wouma pakamwa. Tinam'peza akusinja. Munsi uli m'mwamba, ine ndinagwiritsa chingwe, chifukwa munsi ndi nkhafi kwa galu wa diso limodzi n'chimodzimodzi. Matope anayamba kulira kukhosi. Mayiyo anayang'ana galu, n'kuyang'ana munsi wake. Sanafuule, sanathawe. Anautsitsa pang'onopang'ono, n'kuugoneka pansi, n'kuukankhira kuseri kwa nkhokwe ndi phazi.

Onse aja ankafunsa kuti, "Amaluma?" Uyu anati, "Anam'menya ndi chiyani?"

Amayi anatulutsa kachidutswa kaja. Mayiyo anakalandira manja ali pansi, osakakweza, n'kukafungatira m'chitenje kuti galu asakaone. Mbuzi zake ziwiri zinali zosamanga, ndipo zinabwera kudzamununkhiza m'manja.

"Nanga muzisinja bwanji?" anafunsa amayi.

"Mtondo uli ndi mizu? Ndiunyamula kwa anansi. Akadzazolowera, udzabwerera."

Ngakhale apo amayi sanavomere. Tinabwerera ndi galu wathu, ndipo tinapitanso kawiri osanena. Ulendo wachitatu tinapeza mtondo palibe pakhomo, ngakhale galuyo anali asanakhale wake. Amayi anandiuza kuti ndimasule chingwe. Kenako ananditumiza kukatola masau kuseri kwa munda, iwo n'kutsala akulankhula ndi mayiyo nthawi yaitali, mitu ili pamodzi. Pobwera ndinapeza mayiyo akundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anandifunsa ngati ndimadya maungu. Ndinati sindiwakonda. Anati, "Chabwino, tamva."

Amalume anafika patapita masiku awiri, nkhafi yatsopano paphewa. Anayang'ana pakhomo ponse, galu osamupeza.

Matope anakhala zaka zisanu ndi zitatu kumtunda kuja. Anyani analeka munda. Mtondo unabwerera pakhomo mvula yachiwiri, ndipo galuyo ankagona pafupi nao mayiyo akusinja. Nkhafi yokha sanaikhululukire, ndipo palibe anamukakamiza. Zonsezi ndikuzidziwa chifukwa ndinaziona ndi maso, tsiku ndi tsiku. Amayi anamwalira mvula yoyamba isanathe. Mwambo unkati ndikhale kwa amalume, koma zinapezeka kuti amayi anali atalankhula kale ndi akuluakulu a banja, mboni zilipo, ndipo amalume sanathe kutsutsa. Ndinanyamula kabokosi kanga kupita kumtunda. Ndinapeza mphasa yanga yoyalidwa kale, ndiwo zili nyemba, osati maungu.

Ana anga amati sindikhulupirira munthu. Akunena zoona. Mwezi wamawa mwana wanga wamkazi akufuna kutumiza mdzukulu wanga kwa achibale ku Lusaka kuti akaphunzire. Anthuwo ati ndikawaone Loweruka. Ndikwera basi Lachitatu.

Koma masiku a masau aja ine ndinkangoona za galu. Ndinkadabwa kuti amayi, odwala chotero, akudzivutitsiranji kukwera mtunda katatu chifukwa cha chiweto chimene sanachifune n'komwe, ndiponso chifukwa chake pakhomo lililonse, asanayang'ane mbuzi, ankayamba ayang'ana pamene pamagona ana.