Mayi Osakhulupirira Sikelo

Mayi a nyumba ya pakona sakhulupirira munthu pa nkhani ya thupi lawo. Sikelo ya kuchipatala amati imawonjezera dala. Diresi ikathina, amati telala waba nsalu. Wina akawauza kuti atchena, iwo amamuyang'ana cham'mbali n'kufunsa, "Mukutanthauza chiyani?"

Adokotala atawauza kuti shuga wakwera ndipo mtima ukulemedwa, anayamba kuyenda ndawala m'mamawa anthu asanadzuke, kuopa kusekedwa. Thupi linayamba kutsika, koma mtendere sanaupeze. Akamadutsa pampopi, azimayi ankatsitsa mawu, ndipo iwo ankadziwa zomwe zikunong'onedwa: munthu sangowonda chonchi, alipo matenda akubisa. Amene ankamukayikira kwambiri kuti ndiye akufalitsa zimenezi anali mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo.

Tsiku lina akuyenda, anamva mapazi kumbuyo. Akafulumira, mapaziwo ankafulumira. Akaima, nawo ankaima. Anatola mwala n'kutembenuka, ndipo anaona mlamu wawo yemwe uja ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Wakutumani ndani kuti muzindizonda?" anafunsa mayiwo.

"Palibe, alamu," anayankha mlamuyo akupumira m'mwamba. "Nanenso andipeza ndi shuga. Ndekha ndimaopa kuyenda, kukupemphani ndimachita manyazi, ndiye ndimangokutsatirani."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwala udakali m'manja. Patapita kanthawi anautaya m'mbali mwa msewu.

"Tiyeni," anatero. "Koma inu mukhale patsogolo, ndizikuonani."